Presha ikapana perovskite yosanjikiza, chimagonja poyamba ndi chani?

Funso ili latumizidwa ndi achemwali ena omwe akuti ali chaka chachitatu cha fizikisi, ndalifupikitsako pang'ono: "Ndikuwerenga zoti ma layered perovskite oxide amasintha structure akapanidwa ndi presha yayikulu, mpaka ena kusanduka ma superconductor. Ine ndimaona ngati kufinya chinthu kumangochichepetsa basi, maatomu ayandikane. Nde chimasinthacho ndi chani kwenikweni? Komanso amadziwa bwanji poti ndi zosaoneka ndi maso?"

Achemwali, pamene mwakodwapo ndi pomwe ambirife tinakodwa, inenso ndinatha nthawi yayitali ndikuganiza kuti kristalo ili ngati siponji, ukaifinya imangonyala mbali zonse mofanana basi nkhani yathera pompo. Kuchepako kulipodi sindikukana, koma ndi kagawo kochepa ka nkhani yonse. Kristalo ili ngati thupi la munthu, muli mafupa olimba komanso muli mfundo zopindika, nde presha ikafika siyamba kulimbana ndi fupa ayi, imasakasaka pofewa, ndipo mu ma oxide amenewa malo ofewa alipo awiri, pa mfundo pomwe tizidutswa take tagwirana, ndi pa mpata wa pakati pa maleya.

Tiyambe ndi mamangidwe ake kaye kuti tisasochere. Dzina loti perovskite linachokera ku mwala wa CaTiO3 omwe Gustav Rose anaufotokoza mu 1839, unachokera ku mapiri a Ural ku Russia ndipo anautcha dzina polemekeza Lev Perovski. Masiku ano chilichonse chomangidwa chimodzimodzi, cha fomula ya ABO3, timangoti perovskite. Atomu ya B ndi yaing'ono, imakhala pakati, yazunguliridwa ndi maokosijeni 6, anayi m'mbali, mmodzi pamwamba wina pansi, kachinthu kameneka ndi komwe timati octahedron. Ma octahedra amenewa sagwirana ndi nkhope kapena m'mphepete, amangogwirana pa nsonga, okosijeni mmodzi kukhala wa awiri, ndipo atomu yayikulu ya A imakhala m'mipata yotsalayo. Tsono okosijeni wogawanayo muzimuona ngati bondo. B uku ndi ntchafu, B winayo ndi msongolo, iye ali pakati. Bondo likawongoka ndi madigiri 180, likapinda pang'ono mumapeza 170, 160, nthawi zina kutsikirapo. Ma elekitironi akamachoka pa B wina kupita pa mnzake amadutsa pa bondo lomweli, nde kupinda kwake ngakhale kwa madigiri ochepa kumasintha mayendedwe a magetsi ndi za maginito zomwe.

Yosanjikiza ndi yomweyi koma yodulidwa masilabu. S. N. Ruddlesden ndi P. Popper anafotokoza Sr2TiO4 mu 1957 kenako Sr3Ti2O7 mu 1958, yoyambayo silabu yake ndi ya leya imodzi ya ma octahedra, yachiwiriyo ndi ya maleya awiri, ndipo pakati pa silabu ndi silabu pamakhala strontium ndi okosijeni okhaokha, ma octahedra a uku sagwirana ndi a uko. Nambala ya maleya mu silabu timaitcha n. Alipo mabanja ena, la Bengt Aurivillius la mu 1949 lomwe pakati pake pamakhala leya ya bismuth ndi okosijeni ngati mu Bi4Ti3O12, ndi la Dion-Jacobson la m'ma 1980 lomwe pakati pamangokhala mzere umodzi wa potassium, rubidium kapena caesium. Kusiyana kwawo kwagona pa mpata umenewo, ndipo okosijeni wa pamwamba penipeni pa silabu amakhala kuti mbali imodzi alibe B womugwira, nde ali ndi ufulu woyendayenda kuposa anzake a mkati.

Presha tikunenayi si yamasewera. 1 GPa ndi pafupifupi kuchulukitsa ka 10,000 presha ya mpweya womwe watizungulirawu, pansi penipeni pa nyanja ku Mariana Trench ndi cha m'ma 0.1 GPa basi, pakatikati pa dziko lapansi ndi pafupifupi 360 GPa. Koma taonani chodabwitsa, oxide ngati SrTiO3 mukaipana ndi 10 GPa voliyumu yake imangochepa ndi maperesenti 5 kapena kuposerapo pang'ono, ndiye kuti m'litali mbali iliyonse yachepa ndi maperesenti osakwana 2. Presha yoposa ya pansi pa nyanja ka 100, chinthu changochepa tizigawo tiwiri pa 100. Mukuona kuti kungochepako pakokha sikungafotokoze zoti chinthu chomwe chimakana magetsi chasanduka chitsulo mwadzidzidzi. Chomwe chimachitika ndi chakuti kristalo ikufuna kuchepetsa malo omwe yatenga, ndipo imasankha njira yosaiwawa, kaya kutseka mpata wa pakati pa masilabu, kaya kupinda maondo aja kuti ma octahedra apendekeke n'kulowa m'mipata, kaya kufupikitsa ma bond enieniwo, ndipo zonsezi zikakanika imaphwasula zonse n'kumanga mwatsopano.

Apa pali msampha womwe umagwira ngakhale anthu oti awerenga ndithu. Nzeru yachangu imati presha nthawi zonse imapinditsa maondo, paja munthu ukamusenzetsa katundu wolemera amapinda miyendo. Ayi ndithu, si nthawi zonse. SrTiO3 pa kutentha wamba maondo ake ndi owongoka, ndi ya cubic, ndipo mukaipana kufika cha m'ma 10 GPa ma octahedra amayamba kutembenuka, imasanduka tetragonal, zomwe popanda presha zimachitika mukaiziziritsa kufika 105 K (K ndi kelvin, apa ndi pafupifupi madigiri -168 a Celsius). Koma LaAlO3 imachita zosemphana, iyo imayamba ili yopendekeka kale, mukaipana maondo amanka nawongoka mpaka cha m'ma 14 GPa yasanduka cubic. Ross Angel, Jing Zhao ndi Nancy Ross anailongosola bwino nkhaniyi mu 2005, ndipo mfundo yake ndi yongofunsa kuti wofewa ndi ndani pakati pa octahedron ndi khola lomwe muli atomu ya A. Titanium wa chaji ya 4+ amagwira maokosijeni ake mwamphamvu, octahedron yake ndi gwa, nde khola la strontium ndi lomwe limagonja ndipo njira yake yogonjera ndi kupinda maondo. Mu LaAlO3 onse awiri ndi a 3+, octahedron ndi yomwe imanyala msanga kuposa khola la lanthanum, ikanyala imapeza malo okwanira oti iime chilili. Lamuloli linapangidwira ma perovskite osadulidwa, nde mu osanjikiza muzilitenga ngati poyambira chabe chifukwa mpata uja umalowererapo, koma limathandiza kwambiri poganiza.

Mwachitsanzo La2CuO4, ya leya imodzi, kholo la ma superconductor a kopa, zinthu zomwe zikazizira mokwanira zimadutsitsa magetsi popanda resistance. Pansi pa 530 K kapena chapompo ma octahedra ake amakhala opendekeka madigiri ochepa, ndipo presha imawawongola, ngati LaAlO3 ija. Mu 1986 Georg Bednorz ndi Alex Müller ataikamo barium pang'ono anapeza superconductivity cha m'ma 30 K, chaka chotsatira anatenga Nobel. Paul Chu ku Houston anatenga chinthu chomwecho n'kuchipana, Tc, kutentha komwe superconductivity imayambira, inakwera kudutsa 40 K, nde anaganiza kuti ngati kufinya kukuthandiza bwanji osangoikamo atomu yaing'onopo kuti kristalo idzifinye yokha, ndipo mothandizana ndi gulu la Maw-Kuen Wu anaika yttrium m'malo mwa lanthanum, kumayambiriro kwa 1987 kunatuluka YBa2Cu3O7 ya 93 K, pamwamba pa 77 K pomwe nayitirojeni wamadzi amawira. Zoseketsa zake n'zoti chomwe chinatulukacho chinali ndi mamangidwe enanso osati omwe amawaganizira, koma njira inawafikitsa. Kachitidwe aka timati chemical pressure ndipo mpaka lero ndi momwe anthu amasakira zinthu zatsopano, presha imakuonetsa kolowera kenako umafuna njira yokafika komweko popanda makina. Kenako mu 1994 HgBa2Ca2Cu3O8 yomwe popanda presha ili cha m'ma 134 K inafika 164 K pa 31 GPa kapena chapompo.

Koma chomwe mwina mwawerenga n'chomwe chabweretsa funso lanuli ndi La3Ni2O7, nde tikhalepo pang'ono. Iyi ndi Ruddlesden-Popper ya n = 2, silabu iliyonse ili ndi maleya awiri a ma octahedra a nickel, wapamwamba ndi wapansi, olumikizidwa ndi okosijeni mmodzi pakati. Pa presha wamba bondo loimirira limeneli, nickel okosijeni nickel, ndi lopinda cha m'ma madigiri 168. Mu 2023 gulu la Meng Wang ku Sun Yat-sen University ku Guangzhou linalengeza kuti kudutsa 14 GPa bondolo limawongoka kufika 180, space group, dzina la kasanjidwe ka maatomu, kuchoka pa Amam kupita pa Fmmm, ndipo cha pomwepo mpomwe zizindikiro za superconductivity zinaonekera pafupifupi 80 K. Madigiri 12 okha. Palibe bond yomwe yaduka, palibe atomu yomwe yasamuka kupita kwina, chinthu chonse changoima njo. Chifukwa chake n'chomveka ndithu, orbital ya nickel yotchedwa 3dz2 imaloza m'mwamba ndi pansi, molunjika okosijeni wapakatiyo, nde bondo likapinda orbital ya nickel wapamwamba ndi ya wapansi zimalankhulana mokhota, likawongoka zimayang'anizana maso ndi maso ndipo kugwirana kwa maleya awiriwo kumakula, komanso kachitidwe kena ka ma elekitironi kodzisanja m'mafunde, density wave, komwe kamakhalapo presha ikakhala yochepa kamafooka.

Tsono musatenge ngati nkhaniyi inatsekedwa. Magulu ena atayezanso anapeza kuti pa presha yayikulu makamaka kozizira kristalo imakhala tetragonal, I4/mmm, osati Fmmm, ndiye kuti mbali ziwiri za m'lifupi, ya a ndi ya b, zafanana ndendende. Onse akugwirizana zoti bondo lawongoka, akukangana pa kasiyanidwe kakang'ono ka a ndi b. Kuwonjezera apo masampulo enieniwo ndi ovuta, mu 2024 zinadziwika kuti fomula yomweyo ya La3Ni2O7 ikhoza kudzisanja mwanjira ina, leya imodzi kenako atatu kenako imodzi kenako atatu, amati 1313, m'malo mwa awiriawiri aja, ndipo mu kristalo imodzi mutha kupezeka tizigawo ta n zosiyana titalowererana. Komanso okosijeni wapakati uja, mwini nkhani yonse, ndi yemwe amakonda kusowa pa malo ake sampulo ikapanda kukonzedwa bwino. Gulu lina ku Beijing litaika praseodymium m'malo mwa lanthanum mmodzi, La2PrNi2O7, sampulo inayera bwino ndipo resistance inafika pa ziro cha m'ma 60 K. Mbale wake wa maleya atatu, La4Ni3O10, nayenso amawongoka cha m'ma presha yofananayo kuchoka pa monoclinic kupita tetragonal, koma Tc yake imangofika cha m'ma 30 K ndipo pamafunika pafupifupi 69 GPa kuti ifike pamenepo.

Chomwe chimandisangalatsa ine kwambiri ndi chomwe chinatsatira. Magulu a ku Stanford ndi ku Shenzhen anameretsa kaleya kopyapyala ka nickelate imeneyi pamwamba pa kristalo ya SrLaAlO4, yomwe maatomu ake ndi oyandikana kuposa, nde kaleyako kamakakamizika kupanika m'mbali ndi pafupifupi maperesenti 2, ndipo mapepala omwe anatuluka mu 2025 anaonetsa superconductivity yoyambira cha m'ma 40 K popanda makina opanira alionse. Nzeru yomwe ija ya Chu yabweranso itavala malaya ena. Koma taonani kusiyana kwake, mu makina opanira kristalo imachepa mbali zonse kuphatikiza kutalika kwake, c, pomwe pa filimu m'mbali mwapanika koma c imatalika, monga mmene labala amachitira ukamufinya m'mbali. Zonse ziwiri zikupereka superconductivity. Kwa ine izi zikunena kuti kufupika kwa c sindiko kiyi, nkhani yagona pa kupanika kwa m'mbali ndi momwe ma octahedra aimira, ngakhale anzanga ena a ma kakuleshoni angandikanize pa tsatanetsatane wake, ndipo mkanganowu ndi wabwino.

Pa nkhani ya c kutalika, chitsanzo chomwe ndimakonda kusokoneza nacho ophunzira ndi Ca2RuO4. Pa kutentha wamba imakana magetsi, ma octahedra ake ndi ophwatalala komanso opendekeka kwambiri chifukwa calcium ndi wamng'ono. Mukaitenthetsa kufika 357 K imadumpha n'kusanduka chitsulo, kudumpha kwake kwamphamvu moti makristalo nthawi zambiri amasweka okha tizidutswa. Ndi presha, 0.5 GPa yokha ikukwana kuchita zomwezo, ndipo pa kudumphako c imatalika. Mwaipana, yatalika. Chinsinsi n'choti m'mbali yachepa kwambiri kuposa mmene yatalikira, nde voliyumu yonse yatsikabe, lamulo silinaphwanyidwe, ndipo ikakhala chitsulo choncho mukaiziziritsa imakhala ferromagnet pomwe poyamba inali antiferromagnet. Mbale wake Sr2RuO4, yomwe Yoshiteru Maeno anapeza mu 1994 kuti ndi superconductor, Tc yake ndi 1.5 K, mukaipana mbali zonse mofanana Tc imatsika, koma mukaipana mbali imodzi yokha motsata a imakwera kufika cha m'ma 3.5 K. Nde mukamva munthu akuti presha imakweza Tc, mufunseni kuti presha yake yochokera mbali iti.

Ilipo ina yamakani, Sr2IrO4. Aliyense amayembekezera kuti ikapanidwa isanduka chitsulo msanga chifukwa band gap yake, mphamvu yomwe ma elekitironi amafuna kuti ayambe kuyenda, ndi yochepa kale. Maginito ake ofooka aja amazimiririka isanafike 20 GPa, koma magetsi imawakanabe, anthu anaifikitsa mpaka 185 GPa ikadali insulator. Ma octahedra ake ndi otembenuka kale ndi madigiri 11 kapena 12, ndipo maganizo a ambiri ndi oti kupindika kwa mamangidwe ake kumabweza phindu lomwe kuyandikana kwa maatomu kukanabweretsa.

Zonse ndanenazi ndi zosintha zopanda chiwawa, ma bond ali pompo, mukachotsa presha nthawi zambiri kristalo imabwerera mwakale. Koma pali mtundu wina womwe maatomu amasinthiratu anansi awo. Lamulo lake lachikale n'loti presha imakonda atomu iliyonse izunguliridwe ndi anzake ambiri. Nd2CuO4 pa presha wamba kopa wake ali ndi maokosijeni 4 okha, mwafulati, opanda wa pamwamba ndi wa pansi, mamangidwe omwe timati T', koma kudutsa 20 GPa pang'ono maokosijeni a mu mpata uja amasamuka n'kukaima pamwamba ndi pansi pa kopa, yasanduka T ngati La2CuO4. Mukaphatikiza presha ndi moto ndiye mumapanga zinthu zoti sizikanapezeka. SrIrO3 ya perovskite yeniyeni imafuna cha m'ma 4 GPa ndi madigiri 1000 a Celsius, ndipo BaRuO3 yomwe mwachibadwa ma octahedra ake ena amagwirana nkhope ndi nkhope imanka nisiya khalidwe limenelo presha ikamakwera mpaka pa 18 GPa yakhala cubic yogwirana pa nsonga zokhazokha, zomwe zinatheka mu 2008. Zoterezi ukaziziritsa msanga kenako n'kutsitsa presha zimakhalabe choncho, umazitulutsa n'kuziika pa tebulo. Ndipo dziko lenilenili limachita zomwezi pansi pa mapazi athu, kuyambira makilomita 660 kupita pansi mwala wochuluka ndi MgSiO3 wa perovskite, womwe mu 2014 unapatsidwa dzina loti bridgmanite polemekeza Percy Bridgman, kholo la ntchito za presha yemwe analandira Nobel mu 1946. Mu 2004 gulu la Kei Hirose ndi Motohiko Murakami, komanso Artem Oganov ndi Shigeaki Ono, anapeza kuti cha m'ma 125 GPa ndi 2500 K maondo amakhala atapinda mpaka posapindikanso, nde perovskite imagwa n'kusanduka post-perovskite, yomwe ndi yosanjikiza, ma octahedra ogwirana m'mphepete atayalana maleya. Ndiye kuti kumapeto kwa ulendo, yosadulidwa ija ndi yomwe imadzidula yokha.

Tsopano funso lanu lachiwiri, amadziwa bwanji. Chida chachikulu ndi diamond anvil cell, chomwe chinayamba mu 1959 ku National Bureau of Standards ku America komanso ku Chicago, ndipo ndi kachinthu koti kamakwana m'manja. Muli madayamondi awiri oyang'anizana, nsonga zake anazisalaza, m'lifupi mwake mwina ma micron 300, kunenepa kwa tsitsi limodzi kuchulukitsa kanayi. Pakati pamaikidwa kachitsulo kopyapyala, gasiketi, ka rhenium kapena sitilu, kobowoledwa kabowo ka ma micron 100 kapena 150, ndipo m'kabowomo ndi momwe mumalowa sampulo. Poti malo ndi ochepa chotero, mukawerengera pa pepala mupeza kuti kulemera kwa makilogalamu 200 okha pa kansonga kameneko kukupereka cha m'ma 30 GPa, nde anthu timangomanga masikuluwu ndi ka allen key pang'onopang'ono. Kulowetsa sampulo ndiye ntchito yoyesa mtima, uli pa maikulosikopu, kakristalo kali pa nsonga ya singano, wagwira mpweya kuti usakauluze, wafika nako pakamwa pa bowo kenako static yakakoka, kadumpha, kapita, ndipo sukakaonanso mpaka kalekale. Pambali pa sampulo umaikanso kambewu ka ruby. Ukakawalitsa ndi laser kamatulutsa kuwala kofiira kwa 694 nm, ndipo presha ikamakwera mzere umenewo umasuntha ndi 0.365 nm pa GPa iliyonse, njira yomwe inayamba mu 1972, nde ruby ndiye geji yathu.

Ubwino wa dayamondi ndi woti kupatula kulimba amalola kuwala ndi X-ray kudutsa. Nde umanyamula kaselo kako kupita ku synchrotron, chimakina chachikulu chotulutsa X-ray yamphamvu, monga ESRF ku Grenoble, APS ku Argonne, SPring-8 ku Japan kapena PETRA III ku Hamburg, n'kuwombera X-ray yopyapyala kuposa sampuloyo, ndipo pa detector pamatuluka madontho kapena mikombero. Kungochepa kwa kristalo kumasuntha ma peak onse pang'onopang'ono osasintha chiwerengero. Ma octahedra akayamba kupendekeka, wina kumanja mnzake kumanzere, unit cell, kachidutswa kobwerezabwereza ka kristalo, imakula kawiri nde pamamera ma peak atsopano ang'onoang'ono pakati pa akuluakulu, akawongoka ma peak amenewo amafota mpaka kuzimirira. a ndi b zikasiyana peak imodzi imagawika pawiri, zikafanana ziwiri zimalumikizana. Vuto ndi ili, X-ray imaona atomu molingana ndi ma elekitironi ake, lanthanum ali ndi 57, nickel 28, okosijeni 8 basi, ndiye kuti yemwe tikumufuna kwambiri ndi amene saoneka bwino, ali ngati kandulo pafupi ndi nyali ya galimoto.  Ma neutron amamuona okosijeni bwino koma amafuna sampulo yayikulupo. Raman, njira yoyeza kugwedezeka kwa maatomu ndi laser, imathandizanso kwambiri, kugwedezeka kwa ma octahedra kuli ndi mzere wake, ndipo bondo likamayandikira kuwongoka mzere umenewo umafewa, frequency kutsika, kenako kusowa. Za magetsi ndiye umalowetsa timawaya tinayi m'kabowo komwe kaja, musandifunse kuti timalowa bwanji, ndi kupirira basi.

Chomaliza chomwe ndikufuna muchidziwe chifukwa mabuku amangochidutsa ndi zomwe timathira m'bowo kuti zizungulire sampulo, medium. Cholinga n'choti presha ifike mofanana mbali zonse ngati mmene madzi amapanira mwala. Methanol ndi ethanol wosakaniza 4 kwa 1 amachita bwino mpaka cha m'ma 10 GPa kenako amauma ngati galasi, mafuta a Daphne 7373 amauma atangodutsa 2 GPa pa kutentha wamba, helium amauma cha m'ma 12 GPa koma amakhalabe wofewa nde ndiye mfumu yake, kungoti kumulowetsa kumafuna makina apadera. Medium ikauma sampulo imapanidwa kwambiri kuchokera pamwamba ndi pansi kuposa m'mbali, ndipo kristalo yosanjikiza, yomwe mwachibadwa imasweka tizipepala tafulati togona chagada pa dayamondi, imamva kusiyana kumeneku kuposa ina iliyonse, mwaona kale zomwe mbali imodzi imachita pa Sr2RuO4. Ngakhale pa La3Ni2O7, m'miyeso yoyamba resistance imagwa koma osafika pa ziro, zinadzatheka bwino magulu ena atagwiritsa ntchito medium yamadzimadzi.

Ineyo zinandionekera ndili wophunzira. Tinali ndi oxide ina ya maleya awiri mu methanol ndi ethanol, usiku wapakati, presha itangodutsa 11 GPa peak imodzi inayamba kunenepa kenako kuoneka ngati yagawika, ndipo ndinadzutsa mnzanga yemwe anali atagona pa mpando kuti abwere aone phase yatsopano, m'mutu ndinali nditalemba kale mutu wa pepala. Aphunzitsi athu m'mawa anangoyang'ana graph ya ruby osati ya sampulo, mizere ya ruby, paja imakhala iwiri yoyandikana, inali itafufuma n'kuyamba kulowana kuyambira pa 10 GPa, anangoti mowa wanu wauma. Miyezi ingapo pambuyo pake tinabwereza ndi helium, peak ija inayenda yokhayokha yowongoka bwinobwino mpaka pomwe tinalekezera, phase yanga ija kunalibe.

Nde achemwali mukatenga pepala lonena kuti apeza kusintha kwa structure pa presha yakuti, pitani ku gawo la njira zomwe anagwiritsa ntchito musanawerenge n'komwe zotsatira, muone medium yake ndi chani ndipo imauma pa GPa zingati, ngati nambala ziwirizo zayandikana ikani chizindikiro cha funso m'mphepete. Muonenso ngati anagwiritsa ntchito kristalo imodzi kapena ufa, chifukwa tima peak ta okosijeni tija mu ufa timabisala mosavuta, komanso ngati anayeza potsitsa presha, poti kusintha kwa maondo kumabwerera pafupifupi pomwe kunayambira pomwe kophwasula n'kumanganso kumachedwa kubwerera kapena osabwerera n'komwe. Ngati mukufuna poyambira kuwerenga, fufuzani kalembedwe ka Mike Glazer ka mu 1972 kofotokozera kupendekeka kwa ma octahedra, kaja ka tizilembo a, b, c tokhala ndi plus, minus ndi ziro pamwamba, mutenge makatoni mudule ma octahedra anayi muwalumikize pa nsonga ndi tepi, kenako mutembenuze imodzi muone zomwe zinzake zichite.